Ndaonera Casablanca ya 1942, akulu akulu tandimasulireni za mafilimu akale a ku America awa

Kadzidzi_wa_Zingwangwa

Akulu akulu moni nonse. Malume anga apuma ntchito akusamukira kumudzi, nde mwezi watha tikulongedza katundu ndinapeza katoni ya ma DVD pansi pa bedi, mapepala akunja ena nkhungu inayamba kale kudya, iwo akuti tenga mphwanga ine maso anatha kale. Ine zanga ndi za nkhonya ndi omasulira m'Chichewa aja timakabenetsa pamsika, nde katoniyo ndinangoiponya pakona. Loweruka lina magetsi anazima kuyambira mmawa, bandulo ndinalibe, laputopu inali ndi moto pang'ono ndinati ndingoika imodzi indigoneke tulo. Ndinatola Casablanca poganiza kuti mwina muli za mpira wa ku Morocco kkkk. Amwene tulo tinabalalika. Ndi ya black and white, palibe olo kuthamangitsana pagalimoto, mfuti ikulira mwa apo ndi apo, anthu akungocheza m'bala utsi wa fodya uli tolo, koma ndinapezeka ndakhala tsonga pampando, batire inathera pomwe afika pabwalo la ndege ndinachita kunyamula laputopu kupita kwa aneba a sola kukapempha moto kuti ndione mathero.

Pano ndaonera zisanu ndipo pali zinthu zikundizunguza. Ndinaika The Maltese Falcon ndikupeza anthu ake ndi omwewo, Humphrey Bogart mwini bala wa mu Casablanca yemwe uja, mdala wonenepa uja alipo, kamunthu ka maso otong'oka kaja kaliponso, mesa ku America anthu ndi ambiri, azisudzo ena kunalibe? Chinanso mathero a Casablanca anandipweteka, mkazi uja aliyense akuona kuti mtima wake uli kwa mwini bala, nde bwanji akukwera ndege ndi mwamuna wake uja? Mufilimu ina bambo ndi mayi apabanja aliyense bedi lake pakati pali katebulo ka nyali ngati ali kuwodi kuchipatala, ndipo wakuba kaya wakupha olo achenjere bwanji kumapeto amagwidwa basi. Nde pali munthu wakuda woimba piyano uja, ndinamukonda kwambiri koma mzimayi uja pofunsa za iye akumutchula kuti boyi pomwe ndi bambo wamkulu ndithu, zinandibaya. Amene mumazitsata tandiuzeni, komanso ndiike iti kenako chifukwa m'katonimu zilimo zopitirira 30.

Sitaring'i_Safa

Mphwanga takulandira kumpingo wa okonda zakale, tilipo ochepa koma sitijomba. Funso lako loyambalo ndi pomwe pagona nkhani yonse. Mafilimu awiri watchulawo onse ndi a Warner Bros., bwezera koyambirira uona chishango cha WB, ndipo wonenepayo ndi Sydney Greenstreet, wa maso uja Peter Lorre. Anthu amenewa sanali odziyendera okha ngati a masiku ano, anali antchito a kampani olandira malipiro pasabata. Ingoganiza timu ya mpira, wasayina basi ndiwe wawo, kochi akati lero benchi ukhala pabenchi, akati upita pa loni unyamula chikwama. Kuyambira chakumapeto kwa ma 1920 mafilimu atayamba kuyankhula mpaka m'ma 1950 matimu akuluakulu analipo asanu, MGM ya mkango ija, Paramount ya phiri, Warner Bros., 20th Century Fox ndi RKO, kenako ocheperako atatu Universal, Columbia ndi United Artists. Mphamvu za asanu aja sizinali pamakamera ayi, anali ndi maholo awoawo oonetsera kanema m'mizinda ikuluikulu. Munda ndi wawo, chigayo chawo, golosale yogulitsira ufa yawonso, nde iwe ukapikisana nawo ulowera pati. MGM yokha pachimake pake inkatulutsa pafupifupi filimu imodzi sabata iliyonse, inali fakitale yeniyeni yokhala ndi akalipentala ake, atelala ake, olemba nkhani, oimba, mpaka sukulu ya ana azisudzo inali mumpanda momwemo.

Kontilakiti yake inali ya zaka 7, koma yokondera zedi, kampani ikatopa nawe pakatha miyezi ingapo ikhoza kukutaya pomwe iwe sungachoke. Olo dzina lokupatsa makolo ako ankakulanda. Cary Grant anali Archibald Leach, John Wayne anali Marion Morrison. Rita Hayworth ndiye ananyanya, anali Margarita Cansino, anamuzula tsitsi la pachipumi ndi makina amagetsi kuti chipumi chikule nkumudaya lotsalalo kukhala lofiira kuti asaoneke wachisipanishi. Za loni zija sindikunena zocheza, Ingrid Bergman wa mu Casablanca sanali wa Warner, anali m'manja mwa bwana wina wopanga mafilimu, David O. Selznick, nde anachita kusinthana, Warner kupereka Olivia de Havilland kwa Selznick iwo nkutenga Bergman, ngati anthu akusinthanitsa mbuzi ndi matumba a chimanga.

Tsono ukakana gawo lomwe akupatsa ankakuimitsa ntchito opanda malipiro, ndipo nthawi yomwe wakhala kunyumbayo ankaiwonjezera kumapeto kwa zaka 7 zija, ngongole ya katapira yeniyeni, ukubweza koma siikutha. Bette Davis anayesa kuthawira ku England mu 1936, a Warner anamutsatira konko kukhoti la ku London ndipo mayiyu analuza nkubwerera kuntchito manja ali m'khosi. Amene anathyola goli ndi Olivia de Havilland yemwe uja anasinthanitsidwa. Zaka zake 7 zitakwana mu 1943 anamuuza kuti zatsala miyezi 6 ya nthawi yomwe anaimitsidwa, iye anakasuma, ndipo mu 1944 khoti la ku California linati zaka 7 ndi zaka 7 za pakalendala basi. Nthawi yonse ya mlanduyo sanajambule filimu iliyonse, koma atamasuka anadzisankhira yekha nkhani zosewera nkuwina mphoto yaikulu ya mafilimu ya Oscar kawiri, To Each His Own ndi The Heiress. Mayi ameneyu anamwalira mu 2020 ku Paris ali ndi zaka 104, mabwana onse omwe ankamuzunza anawaika m'manda iyeyo.

Ndikukhumudwitse pang'ono, Casablanca sanapondeko ku Morocco. Pafupifupi yonse anajambulira mu situdiyo ya Warner ku Burbank, California, kuyambira May mpaka August 1942. Siteshoni ya sitima ya ku Paris ija inali yotsalira pa filimu ina ya Bette Davis, Now, Voyager. Ndege ya kumapeto yomwe unakaipemphera moto kwa aneba ija inali yopanga ndi matabwa, yaing'ono, nde kuti ioneke yaikulu anaika anthu aafupi kwambiri ovala ngati amakaniko pambali pake nkuthira chifunga chabodza. Bogart naye anali wamfupi kwa Bergman nde pena ankamumangirira timatabwa kunsi kwa nsapato. Koma chinthu chimodzi sichinali chabodza, ambiri mwa anthu a m'bala muja anali othawa Hitler enieni. Conrad Veidt amene akusewera ngati mkulu wa asilikali a Nazi uja anathawa ku Germany mu 1933 chifukwa mkazi wake anali Myuda, Lorre nayenso anathawa chaka chomwecho. Nde ukamaona nkhope zija pomwe akuimba nyimbo ya fuko la France kuti aphimbe ya Ajeremani, dziwa kuti ena mwa iwo abale awo anali akadali mkamwa mwa ng'ona ku Ulaya. Mwayi unawagweranso, asilikali a America anatsikira kumpoto kwa Africa mu November 1942 dzina la Casablanca lili m'nyuzi iliyonse, a Warner nkuitulutsa msangamsanga mwezi womwewo.

Chinawagwetsa ndi dyera. Mwini holo wamba akafuna filimu ya Clark Gable ankamuuza kuti utenge mulu wonse wa mafilimu athu, ena asanajambulidwe nkomwe, zija amachita ena a magolosale shuga akasowa kuti ugule limodzi ndi masamba a tiyi ndi sopo. Boma linawasumira ndipo mu 1948 khoti lalikulu la America, pa mlandu womwe umadziwika ndi dzina la Paramount, linathetsa mchitidwewo ndipo makampani anakakamizika kusiyana ndi maholo awo. Nthawi yomweyo TV ikulowa m'nyumba za anthu. Popanda golosale yako sungamalipire anthu mazanamazana sabata iliyonse, nde anayamba kuwamasula mmodzimmodzi. RKO inafa m'ma 1957 ndipo malo ake ojambulira anagulidwa ndi Lucille Ball ndi mwamuna wake Desi Arnaz ndi ndalama za pa TV, Lucille yemweyo poyamba anali wantchito wamba wa RKO.

Chigubu_cha_Thobwa

Kkkkk nde mwana wa eni anasenza laputopu usiku kukaonera ndege ya matabwa. Ine akulu musandinamize, zimenezi ndi zogonetsa tulo, anthu kuyankhula Chingerezi chothamanga ola ndi theka opanda olo chibakera. Zakale zomwe ndimazipatsa ulemu ndi The Ten Commandments ndi Ben-Hur basi, zija ankationetsa kutchalitchi nthawi ya Pasaka pansalu yomata kukhoma jenereta ikulira panja, nyanja ikamagawanika amayi kumbuyo nkumalulutira. Izo zinali za kala, zinali ndi mahatchi, osati zanuzi. Koma ndafunsa, ngati kala inalipo kale bwanji ankapangabe za black and white, kunali kuumira?

Mayi_a_Tadala

A Chigubu kala inalipo ndithu, Gone with the Wind ndi The Wizard of Oz zonse ndi za 1939 ndipo ndi za kala, koma makamera a Technicolor anali zimphona zochita kubwereka kukampani yake, zofuna magetsi owala mpaka azisudzo kumachita thukuta ngati ali pauvuni ya njerwa, nde ndalama zake zinali zambiri. Zanu zija ndi za 1956 ndi 1959, nthawi yomwe amalimbana ndi TV, ankafuna kukupatsani chomwe kabokosi ka kunyumba sikangathe.

Koma ine ndabwerera funso la mabedi la achimwene a Kadzidzi, chifukwa limandiseketsa nthawi zonse. Kunali malamulo omwe anthu amawatchula kuti Hays Code, kutengera Will Hays amene ankatsogolera bungwe la makampaniwa. Analembedwa mu 1930 ndi wansembe wachikatolika Daniel Lord ndi mnzake Martin Quigley, koma zaka zinayi zoyamba palibe ankawalabadira, mukaonera mafilimu a 1931 mpaka 1933 mudzadabwa kuti ndi olaula kuposa a 1945. Akatolika atawopseza kuti auza akhristu awo asiye kupita kukanema, mu 1934 anakhazikitsa ofesi ya Joseph Breen, ndipo kuyambira pamenepo nkhani iliyonse inkayenera kudutsa patebulo pake isanajambulidwe, popanda chidindo chake maholo akuluakulu aja sakanaionetsa. Wolakwa asapindule ndi kulakwa kwake, chigololo chisaoneke chokoma, m'busa kaya wansembe asasekedwe, kutukwana ayi, chibwenzi cha mzungu ndi munthu wakuda ayi. Za mabedi awiri sizinalembedwe ndendende choncho m'malamulomo, koma ofesi ya Breen ndi a sensa a ku Britain komwe kunali msika waukulu ankavuta kwambiri akaona mwamuna ndi mkazi pabedi limodzi, nde makampani anangoti tisavutike, gulani mabedi awiri.

Nde achimwene mkazi uja sakanasiya mwamuna wake wa ukwati nkutsalira mwini bala, Breen sakanadinda. Mwaonanso mmene anakonzera nkhani ya ku Paris, akuchita kutsindika kuti nthawi imeneyo mayiyu ankakhulupirira kuti mwamuna wake anafa kundende ya Anazi, kuti asaoneke woyendayenda. Koma ine pamenepa ndimatsutsana ndi anthu, ndimati mathero aja ndi amene anaipanga filimuyi. Akanatengana awiri aja bwenzi inu simunabwere pano kudzadandaula, mukanatseka laputopu nkuiwala.

Chomwe chimandikoma ndi mmene akatswiri ankawazembera malamulowa ngati ana a sukulu yogonera konko. Alfred Hitchcock mu Notorious ya 1946 ankadziwa kuti kisi yaitali aidula, anthu amakamba za masekondi atatu, nde Cary Grant ndi Ingrid Bergman akupsompsonana pang'ono nkusiya, kunong'onezana za nkhuku yomwe adye madzulo, kupsompsonananso, kuyenda atakolekerana mpaka pa telefoni, zonsezo mphindi ziwiri ndi theka, ndikukuuzani munthu umayang'ana kumbali ngati muli ana pabalaza pomwe palibe wavula olo jekete. Double Indemnity ya 1944 ya Billy Wilder nayo, mkazi ndi wogulitsa inshuwalansi akupangana kupha mwamuna wake, malamulo akuti alangidwe nde mukudziwiratu kuyambira mphindi yoyamba kuti zithera m'misozi chifukwa bamboyo akuulula yekha magazi akutuluka paphewa, koma mumapezeka mukuwapempherera kuti galimoto ilire pomwe yakana kulira atataya mtembo panjanji. Ine pamenepo ndinadzidabwa kuti mayi wa chigwirizano ngati ine ndikuchemerera zigawenga.

Malamulowa anafooka pang'onopang'ono, Some Like It Hot inatuluka mu 1959 yopanda chidindo chawo nkupanga ndalama zankhaninkhani, ndipo mu 1968 anawataya nkuyamba zoika zaka za oonera. Choseketsa nchakuti 1968 yomweyo ndi pomwe kwathu kuno tinkakhazikitsa lamulo lathu la Censorship and Control of Entertainments Act. Mayi anga amakamba kuti ali mtsikana ku Blantyre anthu awiri akangoyandikizitsa nkhope filimu inkadumpha, mwadzidzidzi kwacha ali pagalimoto, holo yonse nkukuwa.

Mdala_wa_ku_Luanshya

Ana inu mwandikumbutsa kutali. Foni iyi anandigulira mwana wanga nde mundikhululukire zolakwika. Ine ndinabadwira ku Luanshya, bambo anga anachoka ku Dedza kukagwira ntchito kumgodi wa Roan Antelope, ndipo ife kukomboni za Casablanca zanuzo sitinazionepo, izo zinali za azungu kukalabu yawo. Ife zathu zinali za makauboyi. Tinkati baisikopo, ankaonetsa panja dzuwa likalowa, anthu ambirimbiri ena pansi ena ataimirira kumbuyo, amayi ndi ana kumbuyo, fumbi lokhalokha. Chingerezi panalibe ankachimva ndipo olo ukanachidziwa sukanamva kanthu ndi phokoso, aliyense akukuwa m'Chibemba m'Chinyanja kulangiza munthu wa pansalu kuti tayang'ana kumbuyo iwe. Kauboyi aliyense wabwino dzina lake anali Jack, tinkati Jeke, kaya ndi ndani kaya filimu ndi ina, akangotulukira pahatchi bwalo lonse Jeke Jeke. Akayamba nkhonya m'bala anyamata ankaimirira nawonso nkumaponya zibakera m'mwamba. Mawa lake ife ana tinkasema mfuti za mitengo, zipewa za makatoni, kukwera ndodo ngati hatchi kuzungulira zulu zikuluzikulu za chiswe zija za ku Copperbelt.

Ndinadzadziwa ndili wamkulu kuti zomwe ankatitumizira zinali zotsika mtengo, za timakampani ngati Republic ndi Monogram tomwe tinkajambula filimu yonse m'masiku ochepa, za Roy Rogers, Gene Autry ndi anzawo. John Wayne nayenso anavutikira m'zoterezi zaka zambiri mpaka John Ford anamutenga mu Stagecoach mu 1939. Pamwamba pa apo boma la atsamunda linali ndi a sensa ake a mafilimu oonetsa anthu akuda, ankadula zomwe ankati zingatiwononge mitu kaya kutichotsa ulemu pa mzungu, nde nkhani inkafika yoduka miyendo, munthu amene anali moyo pano mwadzidzidzi akumuika m'manda. Ife sitinkadandaula, tinkalumikiza tokha, aliyense ankapita kunyumba ndi nkhani yakeyake nkumakatsutsana panjira. Kunabweranso mzimayi wina wa ku America wofufuza za chikhalidwe, Hortense Powdermaker, anakhala ku Luanshya m'ma 1953 ndi 1954 nkulemba za Jeke yemweyu, ine nthawi imeneyo ndinali wakhanda.

Chimene chimandiluma pano ndi chakuti tinkawombera m'manja Jeke akamagwetsa eni nthaka aja tinkawatchula ma Red Indian. Ife ana a anthu omwe ankayenda ndi chitupa m'dziko la makolo awo, tikuchemerera wolanda malo. Bambo anga tsiku lina pobwera kubaisikopo anangoti kodi inu mukuona ngati pa anthu awiri aja inu ndi uti, ine sindinamve, ndinkaganiza za hatchi. Mdzukulu ngati m'katonimo muli High Noon ya Gary Cooper uyambe imeneyo, ndi ya kauboyi koma wamantha ngati munthu weniweni, akuyenda khomo ndi khomo kupempha thandizo tauni yonse ikumukana, mpaka kutchalitchi.

Mtengatenga

Agogo mwanena zomwe ndimafuna kunena koma inu mwanena mwaulemu, ine ndilibe. Tizikometsera bwanji mafilimu omwe ife timaonekamo ngati katundu? Achimwene a Kadzidzi woimba piyano uja ndi Dooley Wilson, anali ndi zaka 56 pomwe akumutchula boyi, ndipo iyeyo sanali wa piyano nkomwe anali woimba ndi woliza ng'oma, zala zija akungoyendetsa wina akuliza kumbali. Nayenso anali wa pa loni kuchokera ku Paramount, Warner inkapereka madola 500 pasabata iye nkulandira 350, zotsalazo kampani nkuika m'thumba. Ndipo ameneyo ndiye anapatsidwako ulemu poyerekeza ndi ena. Hattie McDaniel anawina Oscar mu 1940 pa Gone with the Wind, munthu wakuda woyamba, koma poionetsa koyamba ku Atlanta sanaloledwe kukakhala nawo, ndipo usiku wolandira mphothoyo ku hotela ya Ambassador anamukhazika patebulo lapadera kumbali kutali ndi anzake omwe anasewera nawo. Atamwalira mu 1952 manda a ku Hollywood omwe anapempha kuti akagonemo anamukana chifukwa cha khungu. Lena Horne ku MGM ankamuika poimba payekha mosakhudzana ndi nkhani kuti maholo a kummwera kwa America athe kudula kagawo kakeko filimu osasokonekera.

Nde bwerani kwa Tarzan muone mmene ankationera ife. Tarzan the Ape Man ya 1932, MGM, Johnny Weissmuller katswiri wosambira wa mendulo zisanu za golide ku Olympics ndiye mfumu ya nkhalango ya Africa. Anajambulira ku America konko nkumatamo zidutswa zotsala za Trader Horn yomwe anakajambula kummawa kwa Africa, njovu zake ndi za ku India zomata makutu abodza, mwana aliyense wa ku Liwonde kaya Kasungu akhoza kukuuzani kuti iyi si njovu yathu. Pali pena akudutsa m'mbali mwa phompho, wonyamula katundu wina waterereka nkugwa mpaka pansi, mzungu choyamba kufunsa ndi chomwe chinali mumtolo wake. Agogo a agogo athu anafa ndi mtengatenga pankhondo ya 1914, nde ine ndikhale pansi ndi chimanga chokazinga ndizisangalala ndi zimenezo? Olo The African Queen ya 1951 yomwe anapitadi ku Congo ndi Uganda, anthu akuda akuoneka koyambirira akuimba nyimbo ya tchalitchi mosokoneza, mudzi wawo uotchedwa, basi atha, yotsalayo ndi Bogart ndi Katharine Hepburn ndi ng'ona.

Sindikuti musaonere. Ngati mukufuna kuona zomwe anthu akuda ankatha akapatsidwa mpata sakani Stormy Weather ya 1943, kumapeto kuli abale awiri a Nicholas Brothers akuvina kutsika masitepe akudumphana pamutu nkumatera miyendo ili tang'a, bwezerani katatu simukhulupirira. Carmen Jones ya 1954 ya Dorothy Dandridge, ndi No Way Out ya 1950 momwe Sidney Poitier ali dokotala wothandiza chigawenga chomwe chikumutukwana. Koma m'katoni ya malume anuyo ndikubetcherani mulibe olo imodzi mwa zimenezi.

Kadzidzi_wa_Zingwangwa

Eee koma ndaphunzira ngati ndalipira fizi. A Mtengatenga mwaluza beti pang'ono, Carmen Jones ilimo, koma Tarzan zilimonso zitatu kkkk. Agogo High Noon ndaipeza ndipo ndaonera dzulo, wotchi ija ikumangoonekaoneka mpaka nane ndinayamba kuyang'ana yanga, ndipo pomwe akuponya baji m'fumbi paja ndinakumbuka maliro a bambo anga, anthu omwe ankadya kwathu tsiku ndi tsiku sanaoneke. Mayi a Tadala za mathero a Casablanca sindinavomerebe, mwini bala uja anamulakwira. Vuto lina ndi loti ma DVD ena akumaima pakati, Double Indemnity ikungofika pa sitima nkuuma.

Sitaring'i_Safa

High Noon ili ndi nkhani yake kuseri mphwanga. Amene anailemba, Carl Foreman, anaitanidwa ndi komiti ya nyumba ya malamulo yomwe inkasaka achikomyunizimu ku Hollywood, anakana kutchula maina a anzake, makomo onse anatsekeka mpaka anasamukira ku London filimuyo isanatuluke mu 1952. Nde tauni ya amantha ija ankanena anzake a ku Hollywood konko. John Wayne anaida kwambiri, mpaka iye ndi Howard Hawks anapanga Rio Bravo mu 1959 ngati kuiyankha, sherifu wake, mkulu wa apolisi wa m'tauni, sapempha thandizo kwa anthu wamba. Ndipo poti Gary Cooper sanathe kupita kukalandira Oscar yake ya High Noon, amene anakamulandirira ndi John Wayne yemweyo, dziko ili.

A Mtengatenga sindikutsutsani olo pang'ono, ine Tarzan ndinasiya kale, koma Sunset Boulevard ndi 12 Angry Men sindingazitaye chifukwa cha machimo a MGM. Za DVD yoimayo tsuka ndi madzi ndi kadontho ka sopo wa mbale, upukute ndi kansalu kofewa kuchokera pabowo pakati kupita kunja, osati mozungulira. Ikakanabe undipeze ku inbox ndili nayo pa fulashi, ubwere ndi Carmen Jones yo tisinthane chifukwa ine ndilibe.